Odile ndi Nyimbo Yonamizira Bambo Ake

Odile Delpierre si munthu wa ndewu. Izi zimveke kaye, chifukwa alipo ena kuno ku Wissenne amene masiku ano akamuona akubwera amawolokera tsidya lina la msewu ngati aona galu wolusa. Mkaziyu wagwira ntchito pafakitale yokonza nsomba ku Boulogne chiyambire utsikana wake, zala zinachita kupindika ndi madzi oundana, koma palibe anamumvapo akutukwana. Analera ana awiri, onse ali pantchito zawo ndipo amapereka moni kwa akulu. Bambo ake okalamba, a Firmin, sanakawataye kunyumba yosungirako nkhalamba ngati mmene ena timawadziwa aja achitira. Anawatenga, n'kuwapatsa chipinda choyang'ana kunyanja. Mkazi wotereyu akayamba kukweza mawu, muzifunsa kaye chimene chamuputa.

Chinamuputa ndi chimbale.

Aurélien Caudron anakulira mumsewu womwe amakhala Odile, nyumba ya pakona. Kanali kamwana kowonda, kamamina, kokonda kukhala pakhoma la kugombe n'kumangoyang'ana anthu. Atakula anapita ku Paris ndi gitala, ndipo kwa zaka zambiri ankaimba m'mabala anthu akungodya osamutchera khutu. Kenaka chaka chathachi anatulutsa chimbale chotchedwa Msewu wa Kumchenga. Nyimbo zake zonse zokamba za anthu a kwawo, gitala ndi akodiyoni basi, mawu ochuluka ngati ulaliki. Palibe ankaganiza kuti chingapite patali. Koma dziko lonse la France linangokhala ngati lalodzedwa. Chinagulidwa mpaka kupitirira miliyoni, chinakhala pamwamba nyengo yonse yozizira, ku Belgium ndi ku Switzerland nakonso chimodzimodzi. Mnyamatayo anapatsidwa chimbale chagolide, posakhalitsa china choposa pamenepo. Pa Khirisimasi zidzukulu zinagulira agogo, agogo anagulira zidzukulu, moti nyumba zina zinapezeka ndi zimbale zitatu zofanana.

Nyimbo imene inanyamula chimbale chonsecho inali yotchedwa Mwamuna wa Ginette. Ginette anali mayi ake a Odile.

Odile anayamba kuimvera kuntchito, ali ndi mpeni m'manja. Wailesi ili pamwamba pa shelefu, akodiyoni inayamba kulira pang'onopang'ono, ndiye mawu aja: akuti dothi lisanakwirire Ginette, mwamuna wake anali kale m'nyanja mpaka m'chiuno, akukankha ukonde. Akuti sanagwetse msozi, poti mchere ngwokwana kale m'nyanjamo. Akuti alipo amuna amene mtima wawo ndi mwala wa kugombe.

Nadège, mnzake wa tebulo limodzi, anasiya nsomba n'kutsegula maso.

"Iwe Odile! Ginette ameneyu si mayi ako? Eee, mwatchuka achemwali! Uzitipatsako moni ukamadzatuluka pa kanema."

"Tseka chiwailesicho."

"Ndi nyimbo yokoma bwanji! Taona, Sylvie akulira."

"Ndati tseka, Nadège, usanandione mbali ina."

Anatseka. Koma mungatseke mawailesi a dziko lonse? Nyimbo ija inali m'sitolo yaikulu, inali kwa ometa tsitsi, inali m'basi. Kuchipatala cha mano, Odile ali kukamwa yasa, inabwera kudenga. Anthu anayamba kuipempha pa maukwati, ena mpaka pa maliro. Akazi akakwiyira amuna awo ankati, iwe ndiwe mwamuna wa Ginette. Dzina la mayi ake linasanduka chotukwanira m'makhitchini a anthu amene Wissenne sadziwa n'komwe kuti ali kuti.

Tsono mverani zimene zinachitika tsiku lija, poti ena tinaliko.

Ginette anali mkazi wa khomo lotseguka. Mlendo aliyense, kaya wansembe, kaya wodzawerenga mita ya magetsi, ankamukhazika pansi n'kumuikira mbale ya tinkhanu totuwa ta mumchenga, towiritsa m'madzi a m'nyanja, ndi buledi wopaka batala wokhuthala ngati chala. A Firmin ndiwo ankagwira tinkhanuto, nyanja ikaphwa, poti ya kuno imaphwa n'kudzazanso tsiku lililonse, ndi ukonde wokankha uja wa mtengo wautali. Ta m'sitolo Ginette ankati ndi mphira. Atadwala, atatsala mafupa okhaokha, anawaitana amuna ake, Odile ali pomwepo akupinda nsalu.

"Firmin, pa maliro anga usakadyetse anthu zamupaketi. Ndidzakudzukira."

"Usalankhule zopusa, mkaziwe."

"Ndanena. Adzadye za m'nyumba muno, ngati masiku onse."

Tsono nyanja siidziwa za maliro. Tsiku loika, madzi anaphwa nthawi yomweyo imene bokosi linkatsikira m'manda. Kudikira kuti anthu amalize kupepesa, ndiye kuti madzi abwerera, tinkhanu palibe. A Firmin anaponya dothi lawo, anatembenuka, n'kutsetsereka kugombe. Anavala nsapato zazitali zamphira pamwamba pa suti yomwe ija, n'kulowa m'madzi a mwezi wa Novembala, ozizira ngati mpeni. Anabwera milomo ili bii, anawiritsa okha, Odile n'kugawira anthu. Aliyense anadya. Palibe anafunsa kuti zachokera kuti. Kamwana ka pakona kaja kanali pakhoma, kanaona munthu wa suti yakuda ali m'nyanja, basi. Kukhitchini sikanafike.

Nkhondo yolimbana ndi nyimboyo Odile anaiyambira kunyumba. Mwamuna wake Régis ndi munthu wabwino, analeredwa bwino, koma ali ndi mtima wofewa pa akodiyoni. Tsiku lina Odile analowa m'galimoto ya ntchito ya mwamuna wakeyo kufuna magalasi, n'kupeza chimbale chija chabisidwa pansi pa mpando.

"Régis, ichi n'chiyani?"

"Aa, chimenecho? Anandipatsa kuntchito."

"Anakupatsa. Ndiye chinalowa chokha pansi pa mpando, chikuchita manyazi?"

"Ndimadumpha nyimbo ija, Odile, ndikulumbira. Ndimamvera zinazo. Ija ya wogulitsa malasha ndi yabwino kwambiri."

"Ukadyenso kwa wogulitsa malashayo madzulo ano."

Kenaka anabwera a kanema. Anazungulira msewu wonse kufuna munthu wokumbuka maliro aja, n'kupeza Mayi Fourcroy, amene tsiku limenelo anachita kukonzetsa tsitsi ndi kuvala ndolo. Dziko lonse linawaona akupukuta m'maso n'kumati, "Ndikukumbuka ngati dzulo. Tonse tinazizidwa m'thupi. Munthu kusiya mkazi wake kumanda!"

M'mawa mwake Odile anawapeza pamzere wa buledi.

"Mwadzuka bwanji, Mayi Fourcroy? Ndinakuonani dzulo. Ndolo zokongola."

"Zikomo mwanawe, ndi zakale."

"Munazizidwa m'thupi eti? Ine ndikukumbuka kuti munadya mbale ziwiri. Yachitatu munakulunga m'pepala, mukuti ndi ya amuna anu."

"Ine? Tinkhanu? Panalibe tinkhanu pa maliro aja."

"Nanga munkasenda chiyani, makandulo?"

Anthu a pamzere anaseka, koma kuseka kwa pamzere wa buledi sikufika ku Paris. Chimene chinamuwawa Odile n'chakuti Mayi Fourcroy sankanama dala. Nyimbo ija inali itawalowa mpaka kufufuta zimene anaona ndi maso awo. Ambiri mwa amene anadya tsiku lija ali kumanda komweko. Otsalawo ankakumbuka nyimbo.

Odile anayesa kuimbira foni anthu a Aurélien ku Paris. Anayankha mtsikana wa mawu otsekemera, amene anati Bambo Caudron amakhudzidwa kwambiri ndi mauthenga a owakonda, ndipo atumiza chithunzi chosainidwa. Chithunzicho chinabweradi. Odile anasendera mbatata pamwamba pake.

Nyengo yotentha itayamba, alendo anayamba kufika ndi magalimoto. Ankaima pakhomo pake kujambula, ena kusuzumira pawindo. A malo odyera anaika pa mndandanda wawo chakudya chotchedwa Ginette. Ndiye meya, Mayi Ducrocq, anati mwayi ngati uwu subwera kawiri: mudzi uitane Aurélien, umuthokoze pabwalo la kugombe, ana a sukulu aimbe, ndipo pakhomedwe chikwangwani chamkuwa chokhala ndi mawu a nyimbo ija. Pati? Pakhoma la nyumba ya Odile.

Odile anapita ku ofesi ya meya asanavule n'komwe nsapato za kuntchito.

"Mayi Meya, khoma langa simulikhudza."

"Khalani pansi, Mayi Delpierre. Khofi?"

"Sindinabwerere khofi. Mukufuna kulemba pamkuwa kuti bambo anga ali ndi mtima wa mwala. Pamkuwa! Pepala limaola, mkuwa suola."

"Ndi ndakatulo chabe. Aliyense akudziwa kuti woimba amakometsera."

"Akudziwa ndani? Mdzukulu wanga wabwera kusukulu akundifunsa ngati agogo aakulu ankadana ndi mkazi wawo."

"Taganizani za mudzi, mayi. Hotela yadzaza mpaka Seputembala. Kale anthu ankangotidutsa popita ku Calais."

"Ndiye muwalembe amuna anu pakhomapo. Nawonso ali ndi nkhani zawo, tonse tikuzidziwa."

Meya anafiira, koma ndi munthu wa ndale, sanagwe. Anati chabwino, chikwangwani chipita pakhoma la kugombe, limene ndi la mudzi, moyang'anizana ndi nyumbayo. Ndipo anati pofuna chilungamo, tsiku la mwambo a Firmin adzakwera pansanja, adzapatsidwa maiki, adzanene okha mbali yawo pamaso pa makamera.

Odile anatuluka mtima uli m'malo kwa nthawi yoyamba chaka chimenecho. Makamera omwe anafalitsa bodza ndi omwe adzafalitse zoona. Chinatsala n'kukonza bambo ake.

Vuto linali lomwelo. A Firmin ndi amuna a kunyanja a kale aja, amene mawu amawatulutsa ngati akulipira msonkho. Chiyambire nkhani ya nyimboyi sananenepo kanthu. Ikalira pa wailesi ankangopitiriza kusoka ukonde umene sakuugwiritsanso ntchito.

"Bambo, akakufunsani, mudzanene zimene amayi ananena. Za zamupaketi zija. Mwamva?"

"Mm."

"Mudzanene kuti munalowa m'madzi chifukwa cha iwo. Kuti munadwala chifuwa mpaka Khirisimasi."

"Mm."

"Musamangoti mm, Bambo. Tayesani, ine ndikhale Aurélien. Bambo Firmin, n'chifukwa chiyani munapita kunyanja tsiku lija?"

"Iwe si Aurélien. Aurélien alibe ndevu zambiri chotero."

"Bambo!"

"Ndamva, mwanawe. Supu wapsa?"

Sabata yonse anawaphunzitsa, pa chakudya cham'mawa, powameta, powaveka masokosi. Anachapitsa suti. Anauza Nadège ndi onse a kufakitale kuti adzabwere adzamve ndi makutu awo. Anauza ana ake abwere ndi zidzukulu zonse.

Tsikulo bwalo linadzaza mpaka anthu kukwera pamiyala. Mphepo inali ikuwomba, mbendera zili petupetu. Ana a sukulu anaimba nyimbo ija, mdzukulu wa Odile yekha atatseka pakamwa monga anauzidwira. Aurélien anafika atavala jekete yakuda ndi mpango m'khosi, wowonda ngati kale. Asanakwere pansanja Odile anamutchingira njira.

"Ukundikumbuka, Aurélien?"

"Mayi Odile! Ndingakuiwaleni bwanji? Munkandipatsa masiwiti."

"Ndinkakupukutanso mamina. Unamufunsa ndani usanaimbe za bambo anga?"

Mnyamatayo anagwetsa nkhope, kunena zoona. Anati, "Sindinkadziwa kuti zifika apa. Ndinkaganiza kuti amva anthu ochepa, ngati zimbale zanga zina zija. Ndinaimba zimene ndinaona ndili mwana."

"Unaona theka. Lero umva theka linalo, ndipo ukaliimbenso."

"Ngati pali zina, ndikufuna kuzimva. Ndithu."

Aurélien anakwera pansanja. Meya analankhula nthawi yaitali, nsalu inachotsedwa pa chikwangwani, anthu anaomba m'manja. Kenaka Régis anawagwira mkono a Firmin n'kuwakweza masitepe. Atangoonekera, maso onse anali pa iwo. Nkhalamba yaitali, suti yakuda, chipewa m'manja. Odile anaima patsogolo penipeni, zala zitakanikiza chikwama.

Aurélien anawerama pang'ono, n'kunena mwaulemu, "Bambo Firmin, funso ili ndakhala nalo chiyambire ndili mwana. N'chifukwa chiyani munapita kunyanja tsiku lija?"

A Firmin anayang'ana maiki. Anayang'ana makamera, anayang'ana khamu lija la anthu osawadziwa, ena atakweza mafoni, ena akunyambita ayisikilimu. Anayang'ananso kunyanja.

"Madzi anali ataphwa," anatero.

Basi. Anabweza maiki.

Khamu lonse linausa moyo pamodzi, ngati kutchalitchi. Mayi wina pafupi ndi Odile anagwira pachifuwa n'kunena kuti, "Ndendende ngati mu nyimbo!" Kenaka m'manja, m'manja osatha. Odile anakuwa, "Pitirizani, Bambo! Nenani za amayi!" koma akodiyoni inali itayamba kale, ndipo anthu onse aja anayamba kuimba Mwamuna wa Ginette, mwini wake ataima pomwepo ndi chipewa m'manja. Madzulo ake zinali pa kanema. Sabata yotsatira chimbale, chimene chinali chitayamba kutsika, chinabwereranso pamwamba. Ena anasindikiza mawu atatu aja pa malaya.

Kunyumba Odile sanadikire n'kuti avule jekete.

"Sabata yonse, Bambo! Sabata yonse ndikukuphunzitsani ngati mwana wa mkaka! Mwandichititsa manyazi pamaso pa dziko. Mwadzinyoza nokha, mwasainira bodza lawo ndi pakamwa panu!"

A Firmin anakhala pampando wawo, n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato, pang'onopang'ono.

"Ndinanama?"

"Simunaname, koma..."

"Madzi anali ataphwa. Ukafunse aliyense."

"Nanga zinazo? Zimene amayi anakuuzani?"

"Anauza ine." Anavula nsapato imodzi n'kuiika pambali. "Anauza ine, ali pabedi, atavala malaya ogonera. Ukufuna ndikaimike zimenezo pamaso pa anthu odya ayisikilimu? Amayi ako sankatuluka panja osapesa tsitsi, iwe ukufuna ndiwatulutse chonchija?"

"Ndiye anthu azikutchulani mwala mpaka kalekale?"

"Anthu ake ati? Amene ndinkamugwirira tinkhanu akudziwa. Ndipo iwe, ndakumva ukukuwa paja. Usadzachitenso. Za m'nyumba muno sukazinena kwa a makamera, kaya kwa mwana wa Caudron, kaya kwa alendo a pakhomo apo. Ndili moyo, ndafa, chimodzimodzi. Wamva?"

"Bambo, si chilungamo."

"Sindinafunse za chilungamo. Ndati wamva?"

Odile anamva. Ndi mwana woleredwa, ngakhale tsitsi lake layamba imvi. Aurélien anaimba foni kawiri, iye mwini, kufunsa za theka lina lija. Kawiri konse Odile anagwira foni n'kunena kuti palibe chowonjezera. Kachiwiriko atadula, anatuluka kuseri n'kukamenya kapeti imene inali yoyera kale.

Chikwangwani chilipo. Akatsegula windo la kukhitchini chimamuwalira m'maso dzuwa likamatuluka. Alendo amabwerabe, amaima pamenepo n'kumawerenga mokweza, ena amagogoda kufunsa ngati nkhalambayo ingatuluke ajambulitse nayo. Odile amawayankha kuti akugona, ngakhale akuoneka pawindo. Kuntchito amavala zotseka m'makutu, ndipo Nadège akafuna kumuuza kanthu amachita kumugunda ndi chigongono.

A Firmin analetsa mwana wawo. Ine, apongozi ake a mwanayo, sanandiletse, ndipo mwina anaiwala kuti nanenso ndinali kukhitchini tsiku lija, ndikupaka batala pa buledi.

Novembala atafika, pa tsiku lokumbukira Ginette, Odile anatenga ukonde wa bambo ake. Régis anati apite iye, koma mkaziyo anangomuyang'ana, iye n'kukhala pansi. Odile analowa yekha m'madzi mpaka m'chiuno, akudutsa pansi penipeni pa chikwangwani chija, anabwera milomo ili bii. Anawiritsa, anaitana ana ndi zidzukulu zonse, anatseka makatani. M'nyumba sanaletsedwe. Anawafotokozera zonse, kuyambira pa nsalu zimene ankapinda mpaka pa mbale yachitatu ya Mayi Fourcroy, ndipo anauza mdzukulu wamkulu abwereze kuti aone ngati wagwira.

A Firmin anali kumapeto kwa tebulo, akusenda tinkhanu ngati nkhaniyo ndi ya munthu wina. Odile anamaliza kufotokoza. Ndiye panamveka kaphokoso kapansipansi. Odile anatembenuka. Nkhalamba ija inali ikung'ung'udza nyimbo ija, mutu ukugwedezeka pang'ono.

"Bambo! M'nyumba mwanga?"

"Mawu ake ndi opusa," anatero a Firmin, osadzutsa mutu. "Koma wa akodiyoniyo amaidziwa ntchito. Amayi ako akanavina."

Odile anaponya kansalu kopukutira mbale patebulo, n'kupita kukhitchini kukatenga batala wina.